Mukagona gombe liti ku Mangochi? Malangizo kwa onyamukira ku Lilongwe

Tchuthi chikangoyandikira, kaya ndi Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, Khirisimasi kapena Pasaka, foni yanga sipuma. Funso lake ndi lomwelo: "Tikupita kunyanja ku Mangochi, tikagone pati?" Ena amafunsa Lachinayi usiku ulendo uli Lachisanu m'mawa. Ndayankha anzanga a kuntchito, achibale a ku Area 25 ndi a ku Kawale, ngakhale amayi a kumpingo, mpaka ndaona kuti ndingolemba kamodzi. Wofunsanso ndizingomutumizira izi.

Dzina la loji sindikupatsani. Maloji amasintha eni ake, wophika bwino uja amachoka, mitengo nayo imakwera mwezi ndi mwezi. Chosasuntha ndi malo: gombelo layang'ana kuti, mphepo imafika bwanji pamenepo, ndipo mwayandikana ndi ndani. Sankhani dera kaye, chipinda pambuyo.

1. Dziwani Mangochi yake

Ambiri amagwa pomwepa. Aona chithunzi chokongola pa Facebook, pansi palembedwa kuti Mangochi, basi atumiza ndalama. Koma kuchokera pa boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita opitirira 60, ndipo madera a m'njira imeneyi safanana n'komwe. Kwa mlendo, madera ake ndi anayi.

Pa boma. Tauni ya Mangochi, imene kale inkatchedwa Fort Johnston, ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe. Madzi amene mumawaona muli pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi a Shire, ndipo si osambamo: muli ng'ona ndi mvuu. Pa boma pali mabanki, msika waukulu, chipatala cha boma, malo omwetsera mafuta ndi zipinda zotsikirako mtengo. Ngati mwapitira msonkhano kapena ukwati, kapena mukupitirira ku Namwera kapena ku Malindi, gonani pamenepo. Ngati mwalonjeza ana kuti akasewera pamchenga, pa boma si pogona panu.

Gombe la pakati, ndiye kuti dera la Namiasi, Makawa, Nkopola ndi Makokola. Uku ndi kumene kuli mahotela akuluakulu ngati Sunbird Nkopola, Makokola Retreat ndi Sun 'n' Sand, komanso makoteji ambirimbiri a makampani ndi a anthu. Malo aliwonse ali paokha, mumpanda, ndipo mumapatuka pa tala n'kutsata kamsewu kafumbi kuti muwapeze. Muli bata, mchenga amausesa, chilumba cha Boadzulu chimaoneka patali. Koma simungatuluke wapansi kukafuna chakudya chotchipa pafupi. Chimene aphika pamalopo, pa mtengo wawo, ndi chomwecho. Opanda galimoto amakhala ngati atsekeredwa.

Monkey Bay. Ili ndi doko la sitima, kwawo kwa Ilala imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Ndi tauni ya anthu apantchito, magombe ake ndi aang'ono. Ndi malo abwino kugona ngati mukukwera Ilala, imene mwachizolowezi imanyamuka Lachisanu. Funsani kaye ngati ikuyenda sabata imeneyo.

Cape Maclear, kumudzi kwa Chembe. Mumapatuka musanalowe mu Monkey Bay n'kuyenda makilomita pafupifupi 18 m'mapiri. Mudziwu wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, paki imene idakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1984. Ndi kumene kuli madzi oyera oti mumaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija, zikusambira pakati pa miyala, makamaka ku Otter Point ndi ku chilumba cha Thumbi. Kulinso manda a amishoni a Livingstonia amene adafika pamalowa mu 1875 asanasamukire ku Bandawe. Chimene zithunzi sizionetsa ndi chakuti maloji ali m'mudzi mwenimweni. M'mawa amayi amatsuka mbale ndi kuchapa pagombe lomwelo, ana amasambira, asodzi amakonza maukonde. Ine ndimakonda zimenezo. Koma ndaonapo anthu akukwiya nazo chifukwa ankayembekezera gombe laokha.

2. Gwirizanani chimene mukupitira, musanayambe kufufuza

Funsani aliyense wa paulendo, makamaka amene akutulutsa ndalama zambiri ndi amene amadandaula msanga.

Banja la ana aang'ono kapena lokhala ndi agogo limafuna mchenga wathyathyathya, madzi osazama msanga, mthunzi, ndi chipatala chosatalikira. Gombe la pakati limayenera. Achinyamata ofuna boti, kusambira ndi mbuna, kuona nkhwazi ikutola nsomba pamadzi ndi kucheza mpaka usiku, apite kwa Chembe. Gulu la mpingo, la banki m'khonde kapena la ku ofesi, anthu 15 kapena 20, lisavutike ndi zipinda za hotela: koteji yophika nokha imatsika mtengo kwambiri mukagawana, ndipo makoteji otere ndi ochuluka m'gombe la pakati. Amene angokwatirana kumene afune kumapeto kwa gombe, kulikonse kumene asankha, osati pakati.

Vuto limabwera mukasakaniza magulu. Agogo ofuna kugona 8 koloko ndi adzukulu ofuna nyimbo sangakhutire ndi malo amodzi kwa Chembe. Zikatero tsatani ofooka: gonani kwa bata, achinyamata akayendere kwa Chembe masana.

3. Onani njira, chifukwa ife sitilowera kumene amalowera a ku Blantyre

Ichi ambiri sachiganizira. A ku Blantyre ndi ku Zomba amadzera ku Liwonde, ndiye amayamba kufika pa boma, kenako Nkopola, Cape Maclear kumapeto. Ife ndi mosemphana. Tikatsata M1 kukafika ku Dedza, makilomita pafupifupi 85, n'kupatuka pa Masasa kutsika Khwekhwelere mpaka ku Golomoti, kapena tikadzera ku Salima pa M14 n'kutsika ndi M5, timakatulukira kufupi ndi Monkey Bay. Ndiye kwa munthu wa ku Lilongwe, Monkey Bay ndi Cape Maclear ndi kufupi, boma ndiye kutali. Mnzanu wa ku Blantyre akati "gonani ku Namiasi, ndi pafupi", akunena za iye.

Khwekhwelere ndi msewu wotsetsereka, wokhotakhota. Tsikani ndi giya yaing'ono, musamangodalira mabuleki mpaka kununkha, ndipo musautsike usiku ngati simukuudziwa. Galimoto yodzaza kwambiri, kapena dalaivala woyamba kumene, adzere ku Salima ngakhale kuli kozungulira. Mafuta thirani odzaza muno mu Lilongwe.

Oyenda pa basi kapena minibasi kuchokera ku depoti, sankhani kumene mungayende wapansi mukafika. Kwa Chembe zonse zili m'mphepete mwa njira imodzi: chakudya, boti, magolosale. Kuchokera ku Monkey Bay mumakwera matola kapena kabaza wa njinga yamoto. Fikani kukadali kowala, chifukwa kukada mtengo wa kabaza umakwera ndipo njirayo ndi ya m'thengo. Koteji ya m'gombe la pakati yomwe ili makilomita angapo kuchoka pa tala, inu muli ndi zikwama ndi mwana kumsana, ndi chilango.

Ndiponso, ngati muli ndi usiku umodzi wokha, Mangochi asiyeni. Pitani ku Senga Bay ku Salima: makilomita pafupifupi 100 kukafika pa boma la Salima, ndi ena ngati 20 kukafika kunyanja. Mafunso a mu gawo 5 amagwiranso ntchito kumeneko.

4. Mwezi umene mukupita usankhe mbali ya gombe

Anthu a kunyanja amatchula mphepo ndi maina. Mwera ndi mphepo ya kummwera chakum'mawa, imene imaomba nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Ikalimba nyanja imachita mafunde aakulu moti asodzi salowa. Mpoto ndi yochokera kumpoto, imabwera nyengo ya dzinja ikamayandikira ndi m'kati mwake.

Gombe la Chembe layang'ana kumpoto chakumadzulo, mapiri ali kumbuyo kwake, ndiye mwera sufika ndi mphamvu. N'chifukwa chake mu Juni ndi Julayi madzi kumeneko amakhala odekha pamene magombe oyang'ana kum'mawa, ngati Senga Bay, akuwinduka. Pa chifukwa chomwecho, dzuwa limalowera panyanja kwa Chembe, pamene ku Nkopola ndi ku Senga Bay mumaliona likutuluka. Wofuna chithunzi cha dzuwa likulowa m'madzi adziwiretu kopita.

Okutobala ndi Novembala kunyanja kumatentha zosayerekeza ndi kuno kumtunda. Chipinda chopanda fani yogwira ntchito miyezi imeneyi simugonamo. Nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, timisewu tafumbi topita ku makoteji timaterera, mitsinje imabweretsa matope ndi zinyalala m'nyanja, ndipo udzudzu umachuluka.

5. Yenderani malowo pa foni musanalipire

Gawo lovuta ndi ili, ndipo ambiri amalidumpha chifukwa cha manyazi. Amaopa kuoneka ovuta. Safunsa anadya phula. Mwasankha dera, mwapeza malo awiri kapena atatu okusangalatsani. Tsopano muyenera kudziwa chimene chili pakati pa khomo la chipinda chanu ndi madzi, ndi chimene chili kumanja ndi kumanzere. Zithunzi za pa intaneti zimajambulidwa choyang'ana kunyanja, tsiku labwino, mwinanso zaka zisanu zapitazo.

Imbani, perekani moni bwinobwino, kenako pemphani motere: "Achimwene, pepani ndikuvutitseni pang'ono. Mundiimbire pa vidiyo ya WhatsApp, muyambire pakhomo pa chipinda chimene mundipatsecho, muziyenda osadula mpaka mapazi anyowe." Ngati ndi mayi, "Achemwali" kapena "Amayi" malinga ndi mmene mawu akumvekera. Wogwira ntchito pamalo abwino sakana, ena amachita kunyadira. Akati "netiweki ikuvuta bwana", n'zotheka ndithu, kunyanja imavutadi. Apempheni ajambule vidiyo yomweyo atumize ikagwira, atchule dzina lanu ndi tsiku poyamba kuti mudziwe kuti ndi yatsopano. Akazembanso pamenepo, siyani.

Vidiyo ikamayenda, inu muziwerenga masitepe. Pali malo amene amati ali pagombe koma mumadutsa msewu, mpanda wa munthu wina ndi kanjira ka pakati pa nyumba musanaone madzi. Onaninso ngati mchenga ulipo. Mu 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri, adameza magombe ndi kulowa m'maloji ena ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Malo ena kumene kunali mchenga wautali tsopano kuli khoma la miyala kapena matumba a mchenga, madzi akumenya pomwepo. Kwa akulu si vuto kwenikweni. Kwa mwana wa zaka 3 ndi nkhani ina.

Akafika m'madzi, muwauze atembenuze foni kumanja, kenako kumanzere, pang'onopang'ono. Apa ndiye pamene pamaoneka zoona.

Mukaona mabwato ambiri atakokeredwa kumtunda ndi matandala, mathebulo aataliatali a bango kapena neti oyanikapo usipa, ndiye kuti mwayandikana ndi doko la asodzi. Ubwino wake nsomba mugula zaziwisi m'mawa, zotsika mtengo. Kuipa kwake fungo la usipa wouma limalowa mpaka m'zovala mphepo ikatembenukira kwanu, ntchentche zimachuluka, ndipo mainjini a maboti amalira madzulo popita ndi m'bandakucha pobwera. Nyali zimene mumaziona zitandandalika panyanja usiku ndi za asodzi a kauni, okopa usipa ndi kuwala. N'zokongola mukamaziona patali, koma eni akewo akamakocheza pafupi ndi zenera lanu 4 koloko m'mawa, tulo tatha.

Mukaona bango lambiri, udzu wa m'madzi kapena pamene kamtsinje kakuthira m'nyanja, funsani mwachindunji za ng'ona ndi mvuu, ndipo musavomere yankho la kuseka. Madzi odekha a m'bango ndi kumenenso kumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Gombe loyera, la mchenga kapena miyala, lopanda zomera, ndi limene mukufuna.

Mukaona masipika, mipando ya pulasitiki yambiri ndi mafiriji a mowa pafupi, funsani kuti nyimbo zimatha nthawi yanji Lachisanu ndi Loweruka. Kwa Chembe, chigawo chapakati ndicho chaphokoso. Usiku wa tchuthi zimakhala ngati mwayala mphasa pa Bwandilo. Bata limapezeka cha kumapeto, makamaka mbali yopita ku Otter Point. Madera ambiri a Mangochi ndi a Asilamu, ndiye ngati mzikiti uli pafupi, kuitanira mapemphero kudzakudzutsani kusanache. Si chodandaulitsa, mwapita kwawo. Ndikungoti mudziwiretu ngati muli ndi khanda lovuta kugona.

Kenako funsani funso limene anthu amaliiwala: "Masiku amenewo pali zochitika pamalopo?" Mahotela ndi maloji ambiri amachititsa maukwati, zinkhoswe ndi maphwando a makampani, ndipo ena amalola anthu olipira pageti kudzasambira masana. Pa Tsiku la Anakubala kapena pa 1 Januwale, malo amene pa chithunzi anali zii amadzaza mabasi, mpaka inu amene mwalipira chipinda kusowa pokhala. Funsani ngati ogona ali ndi mbali yawoyawo ya gombe.

Zotsalazo ndi zachidule koma musazisiye. Magetsi akazima pali jenereta kapena sola, ndipo imayendetsa fani usiku wonse kapena amazimitsa 10 koloko? Bedi lililonse lili ndi neti yosabooka? Madzi a m'bafa ndi a m'mpope kapena amapopa m'nyanja, nanga akumwa tibweretse? Kuchoka pa tala ndi mtunda wautali bwanji, ndipo Sienta kapena Mira ingafike mvula itagwa? Pa koteji, funsani ngati pali wophika, mbaula kapena gasi, miphika yokwana gulu lanu, ndi firiji yogwira ntchito. Funsaninso ngati amalola kubwera ndi zakumwa zanu, komanso ngati mowa kapena nyama ya nkhumba n'zololedwa pamalopo, chifukwa eni ena salola ndipo ophika ena sagwira.

Pomaliza apempheni akutumizireni malowo pa Google Maps. Tsegulani mapu a setilaiti muone nokha: madenga othithikana ndi mudzi, timizere tambiri pamchenga ndi mabwato, zobiriwira zolowa m'madzi ndi bango.

6. Lipirani mwanzeru

Nyengo ya tchuthi kumabuka masamba abodza a pa Facebook ogwiritsa ntchito zithunzi za maloji enieni. Nambala imene mwaipeza pa tsamba limodzi itsimikizeni kwina, kapena kwa munthu amene adagonako. Vidiyo ija imathandizanso apa, chifukwa wakuba sangayende pamalo pamene palibe iye.

Perekani dipoziti, osati ndalama zonse. Potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, onani dzina limene latuluka musanatsindike, ndipo likasiyana ndi limene adakuuzani, imbani kaye. Akulembereni uthenga wonena masiku, chipinda chake chenicheni, chiwerengero cha anthu, ngati chakudya cha m'mawa chilipo, ndiponso ngati misonkho ili kale mu mtengowo. Funsani mtengo wa Amalawi, chifukwa malo ambiri ali ndi mitengo iwiri. Tengani chiphaso cha unzika. Chimathandizanso polipira kulowa mu paki ku Cape Maclear, kumene nzika zimalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja. Ndalama zapamanja tapani muno kapena pa boma. Kwa Chembe musadalire makina a banki, ndipo ma ejenti ndalama zimawathera pa tchuthi.

7. Mukafika

Musatsitse katundu musanaone chipinda. Yatsani fani, tsegulani mpope, tambasulani neti. Ngati si chipinda cha mu vidiyo chija, nenani nthawi yomweyo mwaulemu, uthenga uja uli m'manja.

Funsani mlonda kapena wosesa pagombe, osati wa pa ofesi yekha, kuti posambira pabwino ndi pati ndipo pozama payambira pati. Iwowa ndi amene amaidziwa nyanja ya pamalopo tsiku ndi tsiku. Musasambire usiku kapena mutamwa mowa, ndipo ana akhale ndi munthu mmodzi wamkulu amene ntchito yake ndi kuwayang'ana basi, osati aliyense kuganiza kuti mnzake akuona. Pa boti, gwirizanani mtengo ndi nthawi musanakwere, ndipo majekete oyandamitsa akhale okwana aliyense. Woyendetsa akati mphepo yaipa, mverani. Mukamalowa m'mudzi kapena kumsika, valani bwino, chitenje chisatalike. Zovala zosambira n'za pagombe.

Mukabwerera ku Lilongwe, aliyense amene watentha thupi m'masabata otsatira akayezetse malungo msanga, ndipo anene kuti anali kunyanja. Za likodzo, musathamangire kumwa mankhwala tsiku lomwe mwafika, chifukwa mankhwala ake, praziquantel, amapha nyongolotsi zikakula, osati zikangolowa kumene. Dikirani pafupifupi miyezi iwiri, kenako pitani kuchipatala ndi onse amene adalowa m'nyanja, ana omwe, akakuyezeni ndi kukupatsani mlingo wolingana ndi kulemera kwa thupi. Mukaona magazi mu mkodzo nthawiyo isanakwane, musadikire.